Banga la Lachinayi

Tilipo atatu kuseri kwa sitolo ya misomali pa Luchenza,
tebulo limodzi, lendi yosonkherana,
zenera loyang'ana kunjanji.
Palibe bwana wotifunsa kuti tachedweranji,
palibenso envulopu mwezi ukatha.

Eluby Namakhwa amaluka maluwa a zitenje pakompyuta
yomwe imakomoka magetsi akangophethira.
Fatsani Mulimba ndi wa zikwangwani:
lumo, mutu wometedwa bwino,
nkhuku yonenepa pakhoma la lesitilanti.
Ine ndimajambula ana a m'mabuku a sukulu,
ana osadwala chimfine, osang'amba yunifolomu.

Lachinayi ndi tsiku la mbale yovindikira.
Anayambitsa ndani, tinaiwala.

Eluby amabwera ndi chikondamoyo chokulunga m'nsalu,
chikadali ndi mpweya.
Uvuni wake ndi sefuliya yopindika khutu,
makala pansi, makala pachivindikiro.
Nthochi zake ndi zija zamawanga
zimene mavenda amazikankhira kumapeto kwa thumba.
Amati, yakupsa kwambiri ndiye yodziwa nkhani.

Fatsani, buluu wa penti ali m'zikhadabo,
amadula keke ya chinanazi ndi mpeni wosongolera mapensulo.
Anaiphunzira m'kope la bambo ake,
khukhi wa kuesiteti zaka makumi atatu,
amene ankaiphika Loweruka lililonse
n'kuilawa chiimire, pakhomo lakuseri.
Nchifukwa chake Fatsani salola
wina aliyense kuidya asanakhale pansi.

Sabata yanga itakwana ndinabweretsa chigumu,
kunja khala, m'kati phala.
Anadya, maso ali pansi ngati pamaliro,
kenako Eluby anatenga pensulo.
Mpaka lero chili pakhoma, ndi mawu m'munsi mwake:
Phiri la Mulanje moto utadutsa.

Ndiye panali Lachinayi lija la mu Julaye.
Chiperoni chitatsekera njanji yonse,
ine nditachezera mausiku atatu
ndi chikuto cha kabuku ka alimi a tiyi:
mizere yobiriwira, amayi ndi madengu kumsana,
thambo loyera, losakhudza.
Ndinangotuluka kukagula mayunitsi.
Pobwera, nthuli ya chikondamoyo
ili khale pathambo langa.

Nditaichotsa panatsala banga la mafuta,
lozungulira ngati ndalama yachitsulo.

Eluby anagwira pakamwa.
Ine ndinawerenga m'mutu mtengo wa pepala,
mausiku, makandulo,
ndi mawu amene sindikanatha kuwabweza.
Fatsani sanayankhule. Anapukuta zala pathalauza,
ananyamula pepala, nalitsamiritsa pagalasi la zenera.
Kuwala kunadutsa pabangapo pokha,
kofooka, kwachikasu,
ngati dzuwa likamayesa kuboola chiperoni
cha m'ma naini koloko, othyola tiyi manja atauma.
Zaka zonsezi ndakhala ndikulisaka dzuwa limenelo
m'mabotolo a utoto ochokera ku Limbe.

Mlembi wa alimi atabwera anayang'anitsitsa,
magalasi ali pamphuno.
Amayiwa ali bwino, anatero, madengunso,
koma dzuwali, achimwene, mwalipanga bwanji?
Ndinati ndi chinsinsi cha ntchito.
Eluby anatsamwa ndi tiyi.

Analipira theka. Theka linalo ndi mawa,
mawa uja tonse atatu timamudziwa nkhope,
tinamujambulapo kale, wavala jekete.

Ndi theka langalo ndagula mgaiwa, soda, shuga wopimitsa,
nthochi zisanu zimene aliyense anazikana.
Lero ndi Lachitatu usiku.
Ndakhala pakhonde, sefuliya yobwereka ili pambaula,
ndikuwerenga makala monga anandiuzira Eluby:
ochepa pansi, ochuluka pamwamba,
ndipo usavundukule, ngakhale mtima ukuyabwe.

Ndavundukula kale kawiri.