Fupa la Phewa

Loweruka lija bambo a Sungeni anatseka butchala,
chinthu chimene sanachitepo
ngakhale tsiku limene ndinachira Ganizani.
Anasamba kawiri,
koma fungo la mbuzi silimvera sopo.

Minibasi ya ku Kawale inatitula m'tauni,
ina inatisiya chakufupi ndi Lingadzi,
pomwe mitengo inakana kusamuka
mzinda utabwera ndi simenti yake.
Pachipata anawerenga makwacha katatu,
mlonda akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Sungeni ananyamula kope la kusukulu:
aphunzitsi anati alembe nyama khumi.
Pofika masana anali nazo zinayi,
kuwerengera ndi linthumbu limene linamuluma pakatumba.
Ng'ona inali thasa ngati chipika chonyowa,
Ganizani anati ndi yapulasitiki.
Pusi anayang'ana mwanayo, nayang'ana mandasi ake,
nasankha mandasi.

Kenako mvula, ya Febuluwale, yosaodira.
Tinathawira m'kachipinda kophunziriramo,
mwa nthenga zomata pakhoma,
chikopa cha nsato chotalika kuposa khonde lathu,
ndi tebulo la mafupa.

Mtsikana wa yunifolomu yobiriwira, dzina lake Ndaona,
anatola fupa limodzi.
"Ndani andiuze, ili ndi la pati?"
Ana a sukulu ina, a nsapato zonyezimira, zii.
Sungeni anabisala kuseri kwa kope.

"La phewa."
Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga.
Zaka khumi ndi zitatu ndagona pambali pa mawu amenewo
osawamvapo akuyankha funso pagulu.
"La gwape. Lakumanzere.
Linathyokapo ali wamng'ono, taonani apa,
linapola lokha, mokhota."

Ndaona anatembenuza kakhadi, nawerenga, naseka.
"Zothyokazo sanalembe.
Bwerani kutsogolo kuno, bambo."

Manja aja, a zipsera za chikwanje,
amene amawabisa m'matumba tikalowa m'tchalitchi,
anayamba kuyala msana wa nyama patebulo,
fupa ndi fupa, osafulumira,
lililonse likupeza mnzake.
Anaonetsa ana pamene khosi limatembenukira,
anawanyamulitsa nsagwada ya fisi kuti amve kulemera kwake,
kenako anagwira bondo la Ganizani:
"Kambale aka nawenso uli nako."
Mwanayo anayenda chogwira bondo mpaka madzulo
ngati pali wina wofuna kumubera.

Mphunzitsi wa ana aja anafunsa
kuti iwowa amaphunzitsa pa koleji iti.
"Pamsika wa Kawale," anatero,
"moyang'anana ndi a makala."
Ndinadikira kuti azolike.
Sanazolike.

Ine changa chinali pangodya:
kamakina koonera tinthu tosaoneka ndi maso.
Ndaona anadonthezapo madzi a mumtsinje, dontho limodzi,
ndinatsinzina diso lina, ndinasuzumira.
Mayo! Mzinda wathunthu,
wina akuthamanga, wina akuzungulira pamodzimodzi
ngati kondakitala wosowa chenje.
Ndinakumbukira ndowa ya pakhomo, yosavindikira,
ndi makala amene ndimaumira pophitsa madzi akumwa.
Sindinauze munthu.

Pobwerera tinakhala anayi pampando wa atatu,
zovala zikununkha mvula.
Sungeni, amene amauza anzake
kuti bambo ake amagwira ntchito m'tauni,
anatenga dzanja la zipsera lija
naliika pa kope lake, kuwerenga timfundo ta zala.
Nyama zinathera pa zisanu ndi ziwiri.
Aphunzitsi anamupatsa theka la malikisi.

Lachiwiri madzulo anabwera ndi kaphukusi ka nyuzipepala,
osati ka ndiwo.
Anawiritsa, anapala ndi mpeni, anayanika padenga.
Lero lili pawindo, pakati pa wailesi ndi botolo la mafuta odzola,
ndi kapepala ka zilembo za Sungeni:
Mbuzi. Phewa lakumanja. Silinathyokepo.

Galu wa a Nachisale amabwera m'mawa uliwonse,
amakhala pansi pa windolo,
kuphunzira.