Pansi pa Galimoto ya Mai Gwatidzo

Ndagona chagada pa katoni ku Gazaland,
chigalimoto cha Mai Gwatidzo chandifungatira.
Kutalika miyendo, mbuzi itha kudutsa pansi osawerama.

Amene anachipanga ankaganiza za mitsinje:
msana wa zitsulo ziwiri zochindikala,
masipuling'i onenepa ngati mkono wanga,
chimbale chotchinga mimba ku miyala.
Ndasisita chimbalecho. Palibe pokalika.

Kagiya kodzutsira matayala onse anayi
kagwira dzimbiri.
Zaka zisanu, ntchito yake n'kupachikapo chikwama.

Phiri lake ndi hampu ya pageti la sukulu ku Borrowdale,
mtsinje wake ndi paipi yophulika pamsewu wa ku Seke.
Madzulo magalimoto akathithikana
chimakwera m'mbali, ogulitsa tomato n'kubalalika.

Akuti, "Jailosi, chikumalira pansipa."
Ng'ombe yapangolo ikakhalitsa m'khola imalira, mayi.
Sindinanene.
Ndapaka girizi, ndalemba madola makumi anayi.

Chapita, chikunyezimira.
Ine ndipinde buluku:
kwathu ku Hopley mvula yagwa,
kombi ikatitsitsa pamene phula lathera.