Kafunde Pamwamba pa O

Lachitatu ku Tartu dzuwa linalowa folo koloko isanakwane,
ndipo foni inalira kachinayi.
Anali mayi Õnne, dokotala wa ziweto ku Põlva:
"Raivo, pulogalamu yako ija yafanso.
Ndadina kamodzi, zenera laphethira, basi, zii.
Pakhomo pano pali galu wothyoka mwendo
ndipo mbiri yake yatsekeredwa m'chinthu chakocho."

Ndinayankha mawu amene tonse a ntchitoyi timabisalamo:
pa kompyuta yanga ikuyenda bwinobwino.
Mawu oona, koma othandiza
ngati ambulera yoiwalika kunyumba.

Tinayamba ndi mwambo wa masiku onse.
Zimitsani, muyatsenso. Anatero.
Ichotseni, muiikenso. Anatero, akuusa moyo.
Ndinanamizira pulinta.
Ndinanamizira chotchinga mavairasi.
Ndinati memole yachepa,
mpaka mdzukulu wawo wokonda magemu ndinamuika pa mlandu.
Mwala uliwonse ndinaugubuduza
kupatula umene ndinaukhalira.

Usiku ananditumizira kaundula wa zochitika.
Mizere zikwi zitatu, yonse yaulemu:
ndatsegula ichi, ndawerenga icho, zili bwino, zili bwino,
kenako chete,
ngati munthu wokomoka mawu ali m'kamwa.

Khofi anazizira.
Panja galimoto yokankha chipale chofewa inadutsa kawiri.
Ndinazika timbendera m'kati mwa khodi,
ndafika apa, ndafikanso apa,
kulondola mapazi a chinthu chimene ndinalemba ndekha
zaka zinayi zapitazo, ndikadali ndi tsitsi ndi phuma.

Pa mzere 412 mapazi anathera.

Pamenepo pulogalamu imafunsa njira yopita ku foda ya mwini kompyuta,
ndipo njirayo imadutsa pa dzina lake.
Kompyuta yakale ija inkawadziwa mayiwa ngati "kasitomala".
Yatsopanoyi anaigula sabata yatha,
itawafunsa kuti ndinu yani
anangolemba zoona.

Pamwamba pa O wa dzina lawo pali kafunde.
Kafunde komweko kali m'dzina la Emajõgi,
mtsinje umene ndimawoloka m'mawa uliwonse,
kali pa chikwangwani cha basi ya ku Põlva,
kali m'kamwa mwa mayi anga.
Khodi yanga ndinaiphunzitsa zilembo za anthu ena
ndipo itakumana ndi chathu inagwa chagada.
Amene tinaiyesa tinali ine, Kalev ndi Maret,
mayina osalala ngati msewu wa phula.

Ndisaname, njira yachidule ndinaiona.
Kungowauza kuti mayi, sinthani dzina la foda,
lembani Onne, O wambee, mphindi ziwiri zatha,
ine ndikagone.
Ndinalemba uthengawo mpaka theka.
Ndinauyang'ana nthawi yaitali.
Munthu wa zaka sikisite avule chipewa cha dzina lake
kuti alowe m'nyumba imene ndinamanga khomo lalifupi?

Ndinaufufuta.

Kukonza kwake, mizere iwiri.
Masiku atatu a kusakasaka, mizere iwiri.
Kenako ndinapanga anthu abodza oyesera,
Tõnu, Ülle, Jüri, Pärja,
ndi kuwalowetsa mmodzimmodzi pa khomo lija.
Palibe anagunda mutu.

M'bandakucha ndinatumiza fayilo yatsopano
ndi kugona pa sofa nsapato zili kuphazi.

Naini koloko, foni.
"Yatseguka," anatero. "Galu uja tamumanga mwendo, akudya."
Ndinamva supuni ikuzungulira m'kapu yawo.
"Koma Raivo,
ndalemba kulemera kwake, makilo 12,5,
ndi kamchira kaja pakati, monga timalembera kuno.
Pulogalamu yako ikuti 125.
Galu ameneyu ndamunyamula ndi dzanja limodzi."

Ndinadzuka.
Ndinatereka madzi a khofi wina.