Ofesi ya Kumapeto kwa Khonde

Chifunga cha Juni chisanachoke m'phiri la Dedza
ndimakhala nditafika kale, manja m'kati mwa juzi,
macheka akutsokomola kuseri kwa khoma.
Pachitseko panga analemba kuti Za Antchito.
Zilembo ziwiri zinafufutika, palibe anadandaula.

Antchito amati ndine mlomo wa bwana.
Bwana amati ndine khutu la antchito.
Onse amatsitsa mawu ndikamadutsa.

M'kabati yachitsulo muli mafayilo,
ena owonda, ena onenepa.
Ya Fanizo Kandulu ndi yonenepa.
Lachiwiri lina macheka anamudya zala ziwiri.
Kapitawo anati mnyamatayo anabwera ataledzera.
Ndinapita ndekha pamakinapo,
ndinapeza chotchingira chinathyoka kalekale,
anangochimanga ndi mphira wa njinga.
Ndinalemba zomwe maso anga anaona.
Bwana anatha sabata osandipatsa moni.
Chipukutamisozi chinayenda miyezi khumi ndi umodzi,
Fanizo anadinda ndi chala cha kumanzere
ndipo sanandithokoze.
Akanathokoza chiyani?
Chala si bulugama kuti chiphukenso pachitsa.

Mwezi wathawu amalume anatumiza thumba la kachewere
kuchokera ku Bembeke,
wolinyamula ndi mwana wawo,
kalata yofunsira ntchito ili m'thumba la malaya.
Ndinamukhazika pabenchi pamodzi ndi anzake.
Ntchito anaitenga mtsikana wa ku Linthipe
amene anayeza thabwa kamodzi, osaphonya.
Kachewere ndinamubweza pa kabaza, ndalama yanga.
Masiku ano ndikapita kumaliro kwathu
amandiyalira mkeka wa kumapeto.

A Mtambalika, alonda athu, anawapeza ali mtulo.
Uthenga unabwera: kalata yowachotsa ituluke isanakwane teni.
Ndinati munthu amayamba wamvedwa kaye.
Analowa atavula chipewa, maso ali psuu.
Akazi awo agonekedwa kuchipatala,
usana onse a Mtambalika amakhala pambali pa bedi,
usiku pageti pathu, sabata yachitatu tsopano.
Ndinatsegula fayilo yawo.
Masiku a tchuthi makumi awiri ndi anayi
anali chikhalire, osakhudzidwa.
Iwo sankadziwa kuti ndi awo.
Anandifunsa katatu ngati sadzawadula malipiro.

Koma musandiyese mngelo.
Wakuba dizilo ndinamulembera kalata ndi dzanja langali
ndipo ndinagona tulo tabwino.
Chaka chatha ogula matabwa atachepa
ndinaima pansi pa mkungudza uja
n'kuwerenga maina khumi ndi awiri.
Lachisanu ndi chiwiri linali la Jelita,
amene tinkagawana chigumu ku pulayimale.
Sindinathe kuwasungira ntchito.
Ndinangokhala pakhosi pa wowerengera ndalama
mpaka aliyense analandira zake zonse,
za notisi, za tchuthi, za penshoni,
mpaka tambala lomaliza.
Jelita akandiona pamsika amatembenukira ku kabichi.

Mukandifunsa kuti ntchito yanga n'chiyani
sindikhala ndi thabwa loti ndikuonetseni.
Ndili ndi mkangano umene sunafike pa zibakera,
ndi mayi amene anabwerako kobereka
n'kupeza mpando wake ukumudikira.

Belu la faifi likalira
wowerengera ndalama amaima palole ya ku Lilongwe
kuwerenga matabwa.
Ine ndimaima pageti.
Amatuluka utuchi uli m'tsitsi,
ena amandipatsa moni, ena amayang'ana kumbali.
Ndimawawerenga chamumtima,
maso anga ali pa manja awo.

Kenako ndimabwerera kukakhoma kabati.
Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mafayilo onse,
kuli ina yopyapyala yolembedwa dzina langa.
Tchuthi changa cha chaka chatha chikadali momwemo.
Fomu yake imafunika siginecha ya wa Za Antchito,
ndipo mayi ameneyo sapezeka, amatanganidwa.