Utuchi wa Ngongole

Thanki inagwa Lachinayi mbandakucha
pokhotera ku Kapata,
matayala m'mwamba ngati mphemvu yakufa.
Dalaivala anatuluka wamoyo, akutukwana m'chinenero cha kwawo.
Dizilo ndiye sanadikire apolisi.
Anapeza ngalande yanga,
yomwe ndinakokolola Lolemba ndi manja awa,
nauyamba wa ku Lunkhwakwa.

Anyamata a njinga anafika ine ndisanafike,
ndi zigubu, mabeseni, wina ketulo ya mkazi wake.
Sindinawakalipire.
Kunena zoona, iwowa ndiwo anayamba kuyeretsa,
ndipo sanadikire siginecha ya munthu.

Pamwamba pa Kanjala mitambo inali itatupa kale.
Disembala sanama.

Ndinaimbira ku ofesi.
Mayi Nyendwa a zachuma anati:
Ndalama ya ngozi ilipo, a Miti,
tsamba la makumi awiri ndi atatu la bajeti,
mzere wachinayi kuchokera pansi.
Ndinati: Ng'ambani tsambalo mundipatse,
mwina limwa mafuta.
Sanaseke. Anati lembani fomu,
pezani mitengo itatu kwa ogulitsa atatu,
komiti ikhala Lachiwiri,
wosaina wachiwiri ali ku msonkhano ku Lusaka.
Kenako, motsitsa mawu:
Inki yomwe ndikulemberayi ndagula ndi yanga.

Ndiye ndinapita kwa Gelesomu Daka,
wokhoma mabokosi a maliro kuseri kwa msika.
Matumba khumi ndi asanu ndi awiri a utuchi,
ndi mchenga wa pa ngolo ya mlamu wake.
Mudzalipira liti?
Khonsolo ikalipira.
Anayang'ana mabokosi ake, nayang'ana ine,
nati: Awa amalipira msanga kuposa inu.

Tinali anayi, magolovesi atatu.
Tinatseka kukamwa kwa kalavati ndi matumba,
Zondiwe atamanga mapepala a shuga kumapazi
poti jombo zili m'bajeti ya chaka chamawa.
Fungo linakhala pakhosi ngati mangawa.
Pofika naini koloko utuchi unali bii,
wolemera ngati nyama.

Mvula inagwa teni isanakwane.

Theka tinaligwira. Theka linapita.
Ndinaliona likudutsa pansi pa mlatho
litavala utawaleza,
ana a ku Mchini akulithamangira m'mbali, akuomba m'manja.

Sabata yotsatira Esinati Mvula anabwera ndi mtolo wa repu
wa kudimba kwake, masamba owauka popanda moto.
Anauika pa tebulo la mlonda wa khonsolo
nafunsa kuti ofesi ya zimenezi ndi iti.
Anamulozera kwa a zachilengedwe,
a zachilengedwe kwa mwini thanki,
mwini thanki kwa a inshuwaransi,
a inshuwaransi ali ndi nambala
yomwe ukaimba imakuimbira nyimbo.
Achule a kumunsi kwa dimba lake anakhala chete masiku asanu ndi anayi.
Iwo alibe fomu.

Lero ndi Malichi.
Komiti inakhala, inavomera, inatithokoza m'maminitsi.
Dzina langa analilemba Mti.
Ndalama ikubwera, akutero,
ikangolowa ya msonkho wa pamsika,
msika womwewo umene Esinati
sanayalepo kanthu chiyambire Khirisimasi.

Khungu la m'manja mwa Zondiwe linasupuka, lamera lina.
Ine ndasintha njira yopitira kuntchito,
ndimazungulira ku siteshoni ya mabasi
kuti ndisadutse pa Gelesomu.
Koma dzulo anandipeza m'ngalande,
fosholo ili m'manja, matope m'maondo.
Za ngongole sanatchule.
Anangondiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi
monga amachitira pa ntchito yake,
nati: Utuchi wina waunjikana, a Miti.
Ndikusungireni?

Kumsewu kunadutsa thanki ina, yochokera ku Mwami,
ikulira mabuleki potsetsereka.
Tonse awiri tinaiperekeza ndi maso mpaka itakhota.

Ndinati sungani.