Msomali Wokhota

Denga la depoti iyi tinakhoma ndife,
ine ndi Twaibu, mwezi wa Okutobala,
malata akuotcha mawondo ngati chiwaya.
Misomali zikwi zitatu, uliwonse ndi kamphira kake
kuti dzimbiri lisowe polowera.

Injiniya anati: siyani mpata pamsonga,
kutentha kuzitulukira pomwepo.
Tinaseka. Denga lochita kulisiyira bowo dala?
Lero Abiti Jafali akugulitsa zitumbuwa pansi pake
osadzikupiza ndi katoni.

Mvula ya Mangochi siitayikanso:
imatsetsereka m'mipaipi, kulowa m'thanki,
n'kukatsuka matope a ku Namwera pa matayala.
Dzuwa nalo tinalilemba ganyu.
Limagwira usana wonse pa magalasi a sola
kuti usiku mayi wa ku Makanjira amene basi yamusiya
aone nkhope ya mwana wake.

Twaibu anapita ku Joni, salemba.
Ine ndili pamzere, chikwama m'khwapa,
kondakitala akundikankha:
Liwonde, Liwonde, sunthani madala!

Sadziwa.
Ndakweza maso, lata lachisanu kuchokera kumpoto:
msomali uja ndinakhoma mokhota
dzanja litatopa
ukugwirabe.