Dzanja la pa Phewa

Anabwera mvula itangokata,
matope a ku Kanyama akadali m'mapatapata mwawo.
Anamasula mfundo ya chitenje, nafunyulula pepala la shuga,
naika chinthucho pa tebulo langa, pakati pa zingwe za mafoni.
"Ndine Esinala. Akuti inu mumadzutsa akufa."

Kuno ku Kamwala timadzutsa zambiri, mayi:
mafoni ogwera m'ndowa, ziphaso zochapidwira m'thalauza.
Koma akufa ayi.
Ine ndimangowapukuta kumaso.

Chinajambulidwa ku Matero, chaka cha 1978,
kumbuyo kuli nsalu yopentedwa ndege ndi maluwa.
Mayi wa duku wakhala pa mpando wachitsulo,
kamtsikana kaima pambali mu nsapato zobwereka.
Madzi osefukira anadya ngodya, mphemvu zinatsiriza,
zaka zinawasandutsa onse mtundu wa tiyi wa dzulo.

Ndipo kumanja kuli bowo.
Si chiswe ichi. Chiswe sichidula mowongoka chonchi.
Apa panadutsa lezala,
m'manja mwa munthu amene analira kale n'kumaliza.
Mwamuna yense anachotsedwa, chipewa mpaka nsapato,
kupatula dzanja limodzi
lotsamira pa phewa la mwana.

Ndinachigoneka pa galasi la sikana.
Pa kompyuta ndinayamba ndi zosavuta:
kumata ming'alu, kutola nguwi kadontho ndi kadontho,
kubwereka khungu la tsaya ili kukazigambira linalo.
Magetsi anathima. Tinadikira jenereta ya ometa tsitsi.
"Dukuli linali la mtundu wanji?"
"Lobiriwira," anatero, osaphethira.
Ndinalibiriwitsa. Anameza malovu.

"Nanga apa?" Chala chawo chinali m'bowo.

Vuto la makinawa, sadziwa kunena kuti sindidziwa.
Ndinawauza adzaze, ndipo anadzaza:
bambo wa suti, mano ngati mpunga,
nkhope yoti sinakongolepo lendi.
Ndinadinanso, kunabwera wa ndevu.
Kachitatu, wonga m'busa wodya bwino.

Anawayang'ana mmodzimmodzi
ngati akusankha tomato ku Soweto,
napukusa mutu.
"Awa ndi atate a anthu ena."

"Nkhope mukuikumbukira?"
"Ndinali ndi zaka zinayi.
Ndimakumbukira fungo la dizilo
ndi chifuwa cha m'bandakucha. Basi."

Ndiye ndinakuza dzanjalo,
kulikuza, mpaka linadzaza galasi lonse.
Wotchi ikuti folo koloko yatsala pang'ono,
ndipo sidzakwana.
Girisi m'zikhadabo.
Kachala kakumapeto n'kokhota ngati mbedza.
Silikufinya phewalo, silikulisiyanso;
lagwira monga mugwirira dzira m'minibasi yodzaza.

Mayi Esinala anayala dzanja lawo pa tebulo,
lokhakhala ndi sopo wa m'nyumba za eni.
Kachala kakumapeto,
mbedza yomweyo.

Panja kondakitala ankakuwa za Chilenje.
Wina anasuzumira kufunsa za fotokope, nabwerera.

"Bowolo lisiyeni," anatero pomaliza.
"Amayi anali ndi chifukwa chawo,
anapita nacho ku Chingwere osandigawirako.
Sindingawasokere chimene anang'amba okha.
Koma dzanjalo mulitsuke bwino.
Ayi, ayi, girisiyo musachotse."

Ndinasindikiza ziwiri.
China cha onse, bowo lili gwa pamalo pake, loyera.
China cha dzanja lokha,
chaching'ono, chokwana m'buku la nyimbo.
Ndalama zinaperewera makwacha khumi.
Anati adzabweretsa Lachisanu, ndinati chabwino,
ndipo tonse tinadziwa.

Madzulo, ndisanakoke chitseko chachitsulo,
ndinapeza abambo atatu aja akadali m'kompyuta,
akumwetulira, opanda mwana.
Ndinawasankha onse kuti ndiwafufute.
Makina anandifunsa ngati ndatsimikiza.

Ndinakhala kaye pansi.
Atate anga ali moyo, ku Mtendere,
minibasi ziwiri zokha kuchoka pano,
ndipo sindikudziwa
kuti wotchi amavala dzanja liti.